MAI ELLA GRASSO, BWANAMKUBWA WA CONNECTICUT

DZIKO LA ZIGAWO 50

Dziko la United States of America, limene anthu ambiri amangolichula kuti America, liri ndi zigawo 50. Boma lalikulu la dziko lonse limakhala mu mzinda wa Washington, ndipo kumeneko ndiko kuli Purezidenti ndi Nyumba ya Malamulo yochedwa Congress. Koma cigawo ciri conse cirinso ndi boma lacelace. Ciri ndi Nyumba ya Malamulo yace, mabwalo ace a milandu, apolisi ace, ndiponso mtsogoleri wace, amene m'cinenero cino ayenera kuchedwa Bwanamkubwa. M'masiku a atsamunda Bwanamkubwa wa Nyasaland ankatumidwa kucokera ku London, eni dziko osafunsidwa kanthu. Ku America Bwanamkubwa amasankhidwa ndi eni cigawo poponya mavoti, ndipo akapanda kuwakondweretsa amamcotsa pa masankho otsatira.

Kwa zaka zambiri mpando umenewu unali wa amuna okhaokha. Akazi a m'zigawo zambiri sankaloledwa ngakhale kuponya voti kufikira caka ca 1920, pamene malamulo akulu a dziko anasinthidwa. Pambuyo pace akazi atatu anakhalapo pa mpandowo. Mai Nellie Tayloe Ross analamulira Wyoming kuyambira 1925, atamwalira amuna ao amene anali Bwanamkubwa. Mai Miriam Ferguson anatenga mpando wa Texas caka comweco, cifukwa amuna ao anali atacotsedwa pa mpandowo ndi kuletsedwa kuimanso. Mai Lurleen Wallace analowa m'malo mwa amuna ao ku Alabama mu 1967, popeza lamulo silinalole mwamunayo kulamulira nthawi ziwiri zotsatizana. Onse atatu anasankhidwa ndi anthu, koma amene anawatsegulira khomo anali amuna ao. Mkazi woyamba kusankhidwa pa mpandowo, wosakhala mkazi kapena wamasiye wa Bwanamkubwa wina, anali Mai Ella Grasso a ku Connecticut. Ulendo wao wokafika pamenepo unatenga zaka 22.

MWANA WA ALENDO

Connecticut ndi kacigawo kakang'ono ka kumpoto cakum'mawa kwa America, pakati pa mizinda ya New York ndi Boston. Mwa zigawo zonse 50, ziwiri zokha ndizo zicepa kuposa Connecticut. Likulu lace ndi Hartford, m'mbali mwa mtsinje waukulu umene dzina lace ndi Connecticut lomwelo. Munthu akatsata mtsinjewo kulinga kumpoto mtunda wa mamailosi ngati 12, afika pa tauni ya Windsor Locks, pamene panali mafakitale a mapepala ndi a ulusi. Pamenepo ndipo anabadwira Ella Tambussi pa 10 May 1919.

Makolo ace anali alendo ocokera ku Italy. Pakati pa 1880 ndi 1924 Ataliyana oposa mamiliyoni 4 anaoloka nyanja ya Atlantic kuthawa umphawi wa kwao. Atafika ku America anapeza nchito zolemetsa za malipiro ocepa, ndipo eni dziko ambiri ankawapeputsa cifukwa ca Cingerezi cao cothyokathyoka ndi cipembedzo cao ca Cikatolika. Atate ace a Ella anali wophika buledi, ndipo amai ace anagwirako nchito m'fakitale. Onse awiri sanapite patali ndi sukulu. Ella ndiye anali mwana wao mmodzi yekha, ndipo anatsimikiza mtima kuti cimene iwo anacisowa mwanayo acipeze.

Mtsikanayo anayamba sukulu pa St. Mary's, sukulu ya Akatolika ya m'tauni momwemo. Cifukwa ca kukhoza bwino anapata thandizo la ndalama lokaphunzira ku Chaffee, sukulu ya atsikana ya ku Windsor, kumene ambiri anali ana a anthu acuma. Masiku amenewo anali oipa m'dziko lonse. Kuyambira 1929 malonda anagwa, mafakitale anatsekedwa, ndipo anthu mamiliyoni ambiri anasowa nchito. Ella anakula akuona abambo a mabanja oyandikana nao akukhala pakhomo usana wonse, manja ali lende. Anatsiriza ku Chaffee mu 1936, napita ku Mount Holyoke, sukulu ya ukacenjede ya akazi okhaokha m'cigawo ca Massachusetts. Kumeneko anaphunzira za cuma ndi za kakhalidwe ka anthu, nalandira digiri yoyamba mu 1940 ndi yaciwiri mu 1942.

UKWATI NDI NKHONDO

Caka comweco ca 1942 Ella anakwatiwa ndi Bambo Thomas Grasso, mphunzitsi amene pambuyo pace anakhala mkulu wa sukulu. Kuyambira pamenepo anadziwika ndi dzina lakuti Mai Grasso. Banjalo linamanga pa Windsor Locks pomwepo, ndipo linadalitsidwa ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna.

Pa nthawiyo America inali pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Anyamata atapita ku nkhondo, mafakitale a Connecticut, amene ankapanga mfuti ndi mainjini a ndege, anasowa anchito. Boma linakhazikitsa ofesi yoona kuti anthu ogwira nchito alipo angati ndi kumene akufunika, ndipo Mai Grasso analembedwa mu ofesi imeneyo monga wofufuza. Nchitoyo inawaphunzitsa kuwerenga ziwerengero za boma ndi kuzindikira cimene cabisala m'kati mwace.

Mu 1943 analowa bungwe la amai lochedwa League of Women Voters. Bungweli linayamba mu 1920 ndi colinga cophunzitsa akazi kagwiritsidwe ka voti imene anali atangoilandira. Silinali la cipani ciri conse. Amai ace ankasonkhana kuwerenga malamulo atsopano, kufunsa mafunso kwa ofuna mipando, ndi kufotokozera anzao zimene apeza. Mai Grasso ankanena pambuyo pace kuti bungwe limeneli ndilo linawaphunzitsa kusanthula nkhani asanailankhule. Koma anaonanso kuti bungwe lingathe kupempha ndi kudandaula, pamene opanga malamulo ndiwo a zipani. Ku America zipani zazikulu ziripo ziwiri, Republican ndi Democratic. Iwo anayamba ndi Republican, koma mu 1951 anasamukira ku Democratic, cipani cimene anchito a m'mafakitale ndi ana a alendo ambiri ankacikonda.

PHUNGU WA WINDSOR LOCKS

Mu 1952 anthu a pa Windsor Locks anasankha Mai Grasso kuti akawaimire m'Nyumba ya Malamulo ya ku Hartford, ndipo anawasankhanso mu 1954. Phungu watsopanoyu sanacedwe kudziwika. Ankafika m'Nyumbamo atawerenga kale pepala liri lonse, ndipo akaima kulankhula ankanena mau owerengeka omveka bwino. Mu 1955 anzao a m'cipani anawapatsa udindo wotsogolera zokambirana m'Nyumbamo, udindo umene mkazi anali asanaugwirepo.

Mkulu wa cipani ca Democratic m'cigawomo anali Bambo John Bailey, munthu wocenjera kwambiri pa ndale, amene anagwira udindowo kuyambira 1946 kufikira imfa yao mu 1975. Bambo Bailey ankadziwa kuti Connecticut ndi cigawo ca mitundu yambiri. Munali zidzukulu za anthu ocokera ku Ireland, ku Italy, ku Poland, ndiponso Ayuda. Cifukwa cace posankha oimira cipani ankayesetsa kuti mtundu uli wonse upeze munthu wace pa mndandanda. Ataona Mai Grasso anazindikira kuti apeza munthu amene angakoke mavoti a Ataliyana ndi a akazi, koma cimene cinawakopa koposa cinali luso lao la kulemba. Kuyambira 1956 kufikira 1968 Mai Grasso ankatsogolera kabungwe kolemba malonjezo a cipani, ndiwo mau amene cipani cimauza anthu kuti cidzacita cikapambana.

Nchito imeneyi siioneka pamaso pa anthu, ndipo amuna ambiri okonda kuchuka ankaipewa. Koma wolemba malonjezo ayenera kumva madandaulo a alimi, a aphunzitsi, a anchito ndi a eni malonda, ndi kuwagwirizanitsa onse pa pepala limodzi. Pocita zimenezi caka ndi caka, Mai Grasso anadziwa bvuto la tauni iri yonse, ndipo atsogoleri a m'matauni anawadziwa iwo. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

MLEMBI WA BOMA

Mu 1958 cipani cinawaimika pa mpando wa Mlembi wa Boma, umene amasankha ndi anthu a cigawo conse. Mlembiyo amasunga zolembedwa za boma ndi cidindo cace, amayang'anira masankho, ndiponso amalemba m'kaundula makampani. Kuyambira 1939 zipani zonse ziwiri zinazolowera kupereka mpando umenewu kwa akazi, ndipo ambiri ankauona ngati malo okhazikako mkazi kuti asafunenso cina. Mai Grasso anapambana, ndipo anapambananso mu 1962 ndi mu 1966, kotero kuti anakhala pa mpandowo zaka 12.

Iwo anatsegula khomo la ofesi yao kwa ali yense. Munthu amene wasowa kolowera ndi nkhani yace ya msonkho, ya ndalama za ukalamba kapena ya mwana wolemala ankafika, nakhala pansi, nafotokoza, ndipo Mlembi ankamfunira ofesi yoyenera. Ankayendanso m'matauni onse kulankhula pa misonkhano ya amai, m'masukulu ndi pa zikondwerero za mipingo. Pang'onopang'ono anthu anasiya kunena kuti Mai Grasso, namangoti Ella, monga achula mwana wa pamudzi pao.

M'zaka zomwezo boma la Connecticut linakonzedwa m'njira ziwiri zazikulu, ndipo pa zonse ziwiri dzanja lao linalipo. Yoyamba inali ya makaunti. Cigawoco ciri ndi matauni 169, ndipo pakati pa matauni ndi boma la ku Hartford panali maboma ena 8 ochedwa makaunti. Nchito yao inali itacepa, koma ankadyabe ndalama za msonkho, ndipo mipando yace inkagawidwa kwa okondedwa a zipani. Mai Grasso anali atalimbana nao kuyambira ali phungu. Pa masankho a 1958 Bwanamkubwa Abraham Ribicoff ndi cipani ca Democratic anapambana kwambiri, ndipo Nyumba yatsopano inabvomereza kuti maboma a makaunti athe. Anathadi mu 1960.

Yaciwiri inali ya kagawidwe ka aphungu. Mwa lamulo lakale tauni iri yonse inkatumiza phungu mmodzi kapena awiri, posayang'anira kuculuka kwa anthu ace. Tauni ya Union, ya anthu osakwana 400, inali ndi aphungu awiri, cimodzimodzi mzinda wa Hartford wa anthu oposa 160,000. Motero voti ya munthu wa ku Union inkalemera ngati mavoti a anthu mazana a mu mzinda. Mu 1964 bwalo la milandu linagamula kuti kagawidwe kotere nkosalungama. Caka cotsatira kunacitika msonkhano waukulu wolemba malamulo atsopano a cigawo, ndipo Mai Grasso ndiwo anatsogolera nthumwi za cipani cao pa zokambiranazo. Anthu anabvomereza malamulowo poponya voti kumapeto kwa 1965, ndipo kuyambira pamenepo aphungu amagawidwa molingana ndi ciwerengero ca anthu.

ZAKA ZINAI KU WASHINGTON

Mu 1970 Bambo Thomas Meskill, phungu wa Republican amene ankaimira kumpoto cakumadzulo kwa Connecticut ku Congress, anasiya mpando wao kuti akapikisane pa Ubwanamkubwa, ndipo anapambana. Mai Grasso anaima pa mpando wotsalawo naupata, ngakhale kusiyana kwa mavoti kunali kocepa. Mu 1972 anasankhidwanso ndi mavoti ambiri, cinkana caka cimeneco cipani cao cinagonja koopsya pa masankho a Purezidenti.

Nyumba imene analowamo iri ndi aphungu 435, ndipo pa nthawiyo akazi sanakwane 20. Mai Grasso anaikidwa m'kabungwe koona za maphunziro ndi za anchito, ndi kena koona za asilikari opuma. Mafakitale a m'dera lao anali kucotsa anthu, cotero anacirikiza malamulo opezera nchito osowa nchito. Anaikanso lamya imene munthu wa m'dera lao ankatha kuimba usana ndi usiku osalipira, ndipo anthu anaicha dzina lakuti Ella-Phone.

Koma mtima wao sunakhazikike ku Washington. Kumeneko phungu watsopano amadikira zaka zambiri asanamvedwe, ndipo nkhani imodzi imazungulira m'timabungwe miyezi ndi miyezi. Pa mapeto a sabata ankabwerera ku Windsor Locks, kumene kunali banja lao ndi anthu amene ankawadziwa maina.

MASANKHO A 1974

Pofika 1974 anthu a Connecticut anali otopa. Mitengo ya zinthu inali itakwera, makamaka ya mafuta ndi magetsi. Nkhani ya msonkho inali itawawitsa mitima. Mu 1971 Nyumba ya Malamulo inaika msonkho wodula pa malipiro a munthu, koma anthu anakwiya kotero kuti aphungu anabwerera nauthetsa patangopita masabata owerengeka. Ku Washington nako kunali manyazi a Watergate, amene anacititsa Purezidenti Richard Nixon wa Republican kutula pansi udindo mu August 1974. Bwanamkubwa Meskill sanaimenso.

Mai Grasso ananena poyera kuti akufuna mpandowo. M'cipani mwao anapikisana ndi Bambo Robert Killian, loya wamkulu wa boma, koma Bambo Bailey anawagwirizanitsa, ndipo Bambo Killian anabvomera kuima monga waciwiri. Wa Republican anali Bambo Robert Steele, phungu wacinyamata wa ku Congress.

Pokopa anthu Mai Grasso analonjeza zinthu zitatu. Anati sadzaika msonkho wa pa malipiro. Anati adzalimbana ndi makampani a magetsi, amene kafukufuku wao anaonetsa kuti analipiritsa anthu mopitirira muyeso. Anatinso adzatsegula mabuku ndi misonkhano ya boma kuti mwini msonkho aone cimene cicitika ndi ndalama zace. Za ukazi wao sanalankhule kwambiri. Ena otsutsa ankaseka kuti cigawo sicifuna mlezi wa ana, koma cipongwe cimeneci sicinagwire, pakuti anthu anali atawaona pa nchito zaka zoposa 20.

Tsiku la masankho linali 5 November 1974. Mavoti atawerengedwa, Mai Grasso anaposa Bambo Steele ndi mavoti oposa 200,000. Pa 8 January 1975 analumbira kukhala Bwanamkubwa. Analinso munthu woyamba wa mtundu wa Ataliyana kulamulira Connecticut, ndipo tsikulo linali la cimwemwe m'nyumba zambiri za ana a alendo.

MUTU UKAKULA SULEWA NKHONYA

Cimwemweco sicinakhalitse. Bwanamkubwa watsopano anapeza kuti ndalama zimene boma linayenera kulipira zinaposa zimene linali nazo ndi madola osacepera 70 miliyoni. Msonkho wa pa malipiro ukanatseka dzenjelo, koma iwo anali atalonjeza kuti sadzauika, ndipo sanafune kubweza mau ao. Panatsala njira ziwiri, kukweza misonkho ina ndi kucepetsa zimene boma limaononga, ndipo anatsata zonse ziwiri.

Anayamba ndi iwo eni. Anabwezera m'thumba la boma madola 7,000 amene anaonjezedwa pa malipiro ao. Anagulitsa ndege ya boma ndi galimoto lalikulu la ulemu, namayenda pa galimoto wamba la apolisi. Pambuyo pace msonkho wa pa zogula m'sitolo unakwera, anchito a boma pafupifupi 500 anacotsedwa, ndipo thandizo lopita ku mizinda ndi kwa osauka silinakule monga anthu anayembekezera. Amene anawawidwa koposa anali omwe aja anawaponyera mavoti. Mabungwe a anchito anawadzudzula poyera, ndipo ena a m'cipani ananena kuti mwana wa wophika buledi waiwala kumene anacokera. M'mwezi wa April 1975 Bambo Bailey anamwalira, ndipo panalibenso mkulu woziziritsa mitima m'cipanimo.

Mabungwe omenyera ufulu wa akazi naonso anali ndi mitima iwiri. Anakondwa kuona mkazi pa mpando, koma Mai Grasso, potsata cikhulupiriro cao ca Cikatolika, ankatsutsa kucotsa mimba, ndipo sanalole kuti ndalama za boma zilipirire mcitidwe umenewo pokha-pokha pali cifukwa ca matenda. Pa nkhani imeneyi anasiyana ndi akazi ambiri a m'cipani cao kufikira imfa.

Lonjezo la kutsegula boma analikwaniritsa caka coyamba comwe. Mu 1975 anasaina lamulo lopatsa munthu ali yense ufulu wopempha kuona zolembedwa za boma ndi kukhala nao pa misonkhano ya makhonsolo. Lamulolo linakhazikitsanso bungwe lomva madandaulo, kotero kuti munthu wamba amene wakanizidwa pepala angathe kukasuma popanda kulemba loya. Anakonzanso bungwe loyang'anira mitengo ya magetsi. Pofika 1978 malonda anali atayamba kuyenda bwino, dzenje lija linatsekeka, ndipo m'thumba la boma munatsala ndalama. Komabe ambiri ankakaika ngati anthu adzawasankhanso.

CIPALE COFEWA CA 1978

Ku Connecticut miyezi ya January ndi February ndiyo ya cisanu coopsya. M'malo mwa mvula kumagwa cipale cofewa, ndiwo madzi oundana opepuka ngati ufa, amene amaunjikana pansi osasungunuka. Lolemba pa 6 February 1978 cipaleco cinayamba kugwa pamodzi ndi cimphepo camkuntho, ndipo cinagwa usiku wonse kufikira tsiku lotsatira. M'malo ambiri cinafika mapazi awiri kuya kwace, ndipo pamene mphepo inaciunjika cinakwirira magalimoto ndi zitseko za nyumba. Anthu zikwi zambiri amene ankabwerera ku nchito anatsakamira m'miseu.

Mai Grasso ananyamuka kupita ku nyumba ya asilikari ya mu Hartford, kumene nchito yopulumutsa anthu inayenera kutsogoleredwa. Galimoto lao linatitimira panjira. Iwo anatsika, natsiriza ulendowo pansi, akupalasa cipale ndi miyendo, ali ndi zaka 58. Atafika analamula kuti miseu yonse ya m'cigawo itsekedwe, kupatula kwa magalimoto a cipatala, a apolisi, a ozimitsa moto ndi okankha cipale. Lamulo lotere linali lolimba, pakuti linaimitsa mafakitale ndi masitolo masiku atatu, ndipo eni malonda anataya ndalama zambiri. Koma popanda lamulolo magalimoto ena akanapitirira kutsakamira, ndipo okankha cipale akanasowa podzera. Anapemphanso thandizo kwa Purezidenti Jimmy Carter, amene anatumiza asilikari ndi makina.

Masiku onsewo anthu otsekeredwa m'nyumba ankamva liu la Bwanamkubwa pa wailesi ndi kuona nkhope yao pa kanema, akuwauza za miseu ndi za cakudya, akuwapempha kuti ayang'ane nkhalamba zoyandikana nazo. Atakwera ndege kukaona matauni akutali, anaona pansi mau akulu olembedwa pa cipale, opempha Ella kuti athandize. Ambiri amene anawayesa ouma mtima cifukwa ca ndalama anawaona mwa mtundu wina, ndipo dzina lakuti Amai Ella linafala.

Caka comweco waciwiri wao, Bambo Killian, anawaukira nafuna kuti cipani ciimike iwo. A m'cipani ataponya mavoti mu September, Mai Grasso anapata pafupifupi mavoti awiri pa atatu ali onse. Mu November anagonjetsa Bambo Ronald Sarasin a Republican ndi mavoti pafupifupi 190,000, ndipo waciwiri wao watsopano anali Bambo William O'Neill.

KUTULA UDINDO

M'miyezi yoyamba ya 1980 madokotala anapeza kuti Mai Grasso ali ndi nthenda ya khansa m'ziwalo zoberekera. Anacitidwa opareshoni, nabwerera ku nchito akulandirabe mankhwala. Cakumapeto kwa caka kunadziwika kuti nthendayo yafika ku ciwindi. Lamulo silinawakakamize kucoka, ndipo zaka ziwiri za ulamuliro wao zinali zikalipo. Koma pa 4 December, ali m'cipatala, analengeza kuti alibenso mphamvu zimene nchitoyo ifuna, ndi kuti adzatula udindo pa 31 December 1980. Tsikulo litafika, Bambo O'Neill analumbira kukhala Bwanamkubwa.

Mai Grasso anamwalira m'cipatala ca Hartford pa 5 February 1981, ali ndi zaka 61. Thupi lao linagonekedwa m'nyumba ya boma, ndipo anthu zikwi zambiri anaima pa mzere m'cisanu kudzatsazika. Anaikidwa m'manda a St. Mary's pa Windsor Locks, tauni imene anabadwira. Caka comweco Purezidenti Ronald Reagan, ngakhale anali wa cipani cina, anawapatsa Presidential Medal of Freedom, umene ndi umodzi wa maulemu apamwamba koposa amene America ipereka kwa munthu wosakhala msilikari.

Zina zimene anazigwiritsa sizinakhalitse. Msonkho wa pa malipiro umene anaukana unaikidwa mu 1991, m'nthawi ya Bwanamkubwa Lowell Weicker, ndipo kufikira lero anthu amatsutsana ngati kukana kwao kunathandiza cigawo kapena kunangocedwetsa cinthu cosapeweka. Koma makaunti sanabwerenso, ndipo lamulo lotsegula mabuku a boma likugwirabe nchito. Akazi ena anatsata m'mapazi mwao. Mai Dixy Lee Ray anasankhidwa kulamulira cigawo ca Washington mu 1976, ndipo Connecticut inakhalanso ndi Bwanamkubwa wamkazi, Mai Jodi Rell, kuyambira 2004 kufikira 2011.

Kuyambira 1952 kufikira 1978 Mai Grasso anaima pa masankho a boma kasanu ndi kanai: kawiri pa uphungu wa ku Hartford, katatu pa Ulembi wa Boma, kawiri pa uphungu wa ku Washington, ndi kawiri pa Ubwanamkubwa. Sanagonjepo ndi kamodzi komwe. Pa makoma a nyumba ya boma ya ku Hartford pali zifanizo zamwala za anthu ochuka a m'cigawomo, ndipo kwa zaka zambiri zonse zinali za amuna. Cifanizo coyamba ca mkazi kuikidwa pamenepo ndi ca Mai Ella Grasso.